Kuphiri Tinayenera Kupita Awiri

Lolemba

Zatsimikizika. Amake Rozita anyamuka Lamulungu likubwerali kupita ku Tete. Mwana wathu Rozita watopa, mwezi wake ndi uno, ndipo pa mimba yoyamba munthu amafuna mayi ake omubereka. Ine ndavomera ndi mutu ngati munthu wanzeru. Koma mtima suli m'malo.

Vuto ndi loti ndawaona anzanga. Akazi a Jeremiya anapita ku Tete komweko kukathandiza chikuta, ati masabata ochepa chabe. Mdzukulu uja pano akuyenda, akutukwana m'Chipwitikizi, agogo ake sanabwerebe. Jeremiya amachapa yekha pa mjigo, ndipo wayamba kuyankhula ndi nkhumba zake.

Ndiye ndaganiza chinthu. Mwezi watha nditaoloka pa Kalomwe kukagula ulusi ku Dedza, ndinadutsa m'nkhalango ya m'munsi mwa phiri lawo lija. Ndinaona mdala wina, wa imvi kuposa ine, atakhala pa mpando wa matabwa ndi akazi ake. Sakutola nkhuni, sakupemphera, sakudikira galimoto. Angokhala! Akunyemerana pau, buledi uja, akuseka. Ndinaima ndi njinga yanga kuwayang'ana mpaka ndinachita manyazi.

Ine ndi amake Rozita tinakwatirana kalekale, koma sindikumbukira tsiku limene tinakhala pansi awiri popanda chotongola, chosenda kapena chosoka m'manja.

Phiri nafenso tili nalo, la Domwe. Kumtunda, m'nkhalango yotetezedwa ija, kuli thanthwe lalikulu pafupi ndi mathithi. Afisikale oyang'anira nkhalango analambula kanjira, n'kuikako mipando ya zipika, ati ya alendo. Amapitako ndi aphunzitsi a ku Ulongwe okhaokha. Kukayenda kongosangalala kotere achinyamata amati paseyu. Basi, Loweruka tikachite paseyu, awiri basi. Kumeneko ndikanene zimene zili kukhosi: kuti nyumba ino popanda iwo sindiitha, ndipo abwereko mvula isanagwe.

Zofunika:
- pau wofewa
- tambala wofiira uja (wandisowetsa tulo mokwanira)
- refuresiko woziziritsa kukhosi, mabotolo awiri
- mkeka
- diresi latsopano, ndisoka mobisa ku msika
- kulimba mtima

Madzulo ndayesa. "Amake Rozita, Loweruka tikwere kuphiri." Iwo osatukula n'komwe mutu pa lichero la nyemba: "Kukatani?"

Kukatani! Funso limeneli sindinalikonzekere. Munthu wa msinkhu wanga, mmisiri wosoka wodziwika msika wonse wa Domwe, mkamwini wa ulemu wake pamudzi pano, ndinene kuti kukangokhala? Pakamwa pangotuluka kuti, "Kukaona mitengo ya denga la kanyumba kophikira."

Ati chabwino, denga lija ladyekadi ndi chiswe. Tsiku loyamba layenda bwino ndithu.

Lachiwiri

Ndisanasukusule n'komwe, odi pakhomo. Alamu anga a Bonifasiyo, alongo awo a amake Rozita, eni mbumba pamudzi pano. Nkhwangwa paphewa, yonoledwa kale.

"Alamu, mitengo ya denga munthu sasenza pamutu ngolo ilipo. Loweruka ndimanga ng'ombe."

Mawu ndinayankhula dzulo madzulo m'nyumba mwanga, lero ali ndi ng'ombe ziwiri!

Ndayesa kuzemba. Ndati nkhalango ija ndi yotetezedwa, mtengo wauwisi salola. Iwo kuseka: "Afisikale nawonso ndi anthu, amagona." Ndaona kuti apa pafunika chinthu chimene a Bonifasiyo amachithawa. Kutchalitchi amalowako pa maliro pokha, ndiponso amakhala pafupi ndi khomo. Ndiye ndatsitsa mawu. "Kunena zoona alamu, za mitengo ndinangonena. Tikukapemphera. Msewu wa ku Tete mukuudziwa, komanso Rozita ali m'masiku."

Avula chipewa. Ati zimenezo ndi zazikulu. Achoka mwakachetechete, nkhwangwa atailozetsa pansi.

Ndapambana!

Ku msika ndadula diresi pa kapulana, chitenje cha maluwa achikasu. Muyeso ndimaudziwa pamtima, kungoti m'chiuno ndaonjezerako pang'ono mwaulemu. Pobwerera ndagula pau. Ndili panjira ndazindikira kuti pofika Loweruka adzakhala atauma gwa. Ndadya ndekha pansi pa mlatho. Ndidzagulanso.

Amake Rozita tsiku lonse ali kalikiliki kusankha mbatatesi zopita nazo. Ati ku Tete mbatatesi amazigulitsa ngati mazira. Lero tayankhulana za matumba zokhazokha, ndi za singano yanga yaikulu imene ati ndiwabwereke.

Lachitatu

Bodza langa labereka.

A Bonifasiyo, munthu wosapemphera, ndi amene alalikira mudzi wonse. Masana ku msika kwafika mayi Filomena, mtsogoleri wa amayi a mumphakati wathu. Aima patsogolo pa makina anga, manja ali pachifuwa. "Abambo, mwatichititsa manyazi. Mwamuna kuganiza zokapempherera mwana kuphiri, ife amayi tili phee! Tonse tikwera nanu."

Tonse ndani? Ayamba kutchula:
- amayi a mumphakati
- a kwaya, ng'oma ndi zisekese zomwe
- akatekisiti, bondo likalola
- Jeremiya, poti alibe womuletsa

Ndiponso ati kuphiri sapita ndi mimba yokhuta. Tisala kudya kuyambira Lachisanu madzulo mpaka mapemphero atatha.

Tambala wanga! Pau wanga!

Apa ndikanangonena zoona. Mayi Filomena ndi munthu womva, akanaseka pang'ono n'kundisiya. Koma pambali panali anthu odikira mathalauza awo, makutu ali tcheru. Ndiye ndati, "Ine kusala sindingathe, ndili ndi tensau. Kuchipatala anati magazi akuthamanga, ndizidya pafupipafupi, ndizikwera phiri pang'onopang'ono, kopanda phokoso." Pa "kopanda phokoso" ndatsindika kwambiri. Iwo amva tensau yokha. Agwira pakamwa. Ati ndiye mapemphero akhala awiri, a Rozita ndi anga.

Kuchipatala ndinapitako komaliza pokachotsa dzino, Rozita ali kusekondale.

Mkono wa diresi ndasoka mozondoka, chinthu chimene sindinachitepo ngakhale ndili wophunzira. Ndaphwasula, ndasokanso. Mwini thalauza wina wandifunsa ngati ndi matenda aja. Ndati eya.

Lachinayi

Nyemba zilibe mchere. Ndafunsa mwaulemu. Amake Rozita andiyang'ana, maso ali psuu. "Mukudwala, mudzi wonse ukudziwa, ine mkazi wanu ndikamvere pa mjigo?"

Ndadya nyemba zomwezo, mutu uli pansi.

Kenako uthenga wochokera kwa apongozi. Ine ndi amayi awo a amake Rozita sitiyankhulana maso ndi maso, mwambo wake ndi umenewo. Tikakumana panjira wina amapatukira kutchire, ndipo chikwatirire pamudzi pano sanandionepo ndikutafuna. Ndiye uthenga wadzera mwa mwana wawo, amake Rozita. Ati kuphiri kuli mtengo umene muzu wake umatsitsa magazi, kulinso wina wosambitsira khanda, woti upite nawo ku Tete. Ati satuma munthu, ana a masiku ano amakumba zilizonse. Akwera okha. Ndipo poti miyendo yawo singafike, a Bonifasiyo amanga ng'ombe.

Ngolo yabwereranso! Ndinaithamangitsa ndi pemphero, yalowera ku matenda.

Dzuwa likulowa, amake Rozita asiya kusoka matumba, abwera kudzakhala pakhonde pafupi nane. Kenako ati, "Kapena ndisapite. Ndimuimbire Rozita apeze wina womuthandiza. Sindingakusiyeni chonchi."

Mtima wagunda ngati wa mnyamata. Chimene ndimafuna chabwera chokha, osachikwerera phiri. Ndingoti eya, nditsokomole pang'ono, basi zatha. Koma ndakumbukira mawu a Rozita pa telefoni sabata yatha, mwana akuyesa kuseka koma mantha akumveka. Ku Tete kotentha kuja, mwamuna wake amachoka m'mamawa kubwera kutada, mimba yoyamba.

Ndati, "Pitani. Katensau kake n'kakang'ono, sikapha munthu." Akana, ndakakamira. Akananso, ndakakamirabe mpaka avomera.

Taonani tsono. Sabata yonse ndikukonza zokawapempha kuti asakhalitse, lero ndine ndikuwakankha ndi manja awiri. Zandiwawa kwambiri. Ndipo zoti tensauyo kulibiretu sindinanene, poti akanafunsanso kuti nanga kuphiri tikukatani.

Lachisanu

Pakhomo pasanduka pa ukwati. Amayi a mumphakati ati pomasula kusala pafunika chakudya, ndipo mwini mapemphero ndine. Mafuwa mbali zonse, miphika yobwereka, utsi tolotolo. Tambala wofiira wapita. Wapita ndi mkazi wake, ndi kathadzi kena kamene sikanalakwe kanthu.

Refuresiko ndinabisa m'nkhokwe. A Bonifasiyo amupeza pofuna chingwe cha goli. Ati zotsekemera ndi tensau sizigwirizana, ndiye andithandiza. Mabotolo abweza, anthu aulemu.

Diresi latha. Ndalipereka masana kuseri kwa nkhokwe, ngati katundu wakuba. Amake Rozita apukuta manja, alitambasula, aliyerekeza pathupi, amwetulira kumwetulira kumene ndinakuona kalekale. "Mwasoka liti limeneli?" Ndati muvale mawa. Iwo: "Kuphiri? Ku minga ndi chisoso? Ili ndi la ku Tete." Alipinda bwinobwino, aliika pansi penipeni pa chikwama. Ndiye kuti ndasokera anthu a ku Tete kuti azionerera.

Akatekisiti atumiza mawu. Bondo lalola.

Pau sindinagulenso. Ndingagule wokwana bwanji mpingo wonse?

Zotsala pa zimene ndinakonza Lolemba:
- mkeka (ati ayala m'ngolo, akhalire apongozi)
- phiri

A kwaya akuyeserera nyimbo pabwalo panga. Muli dzina langa m'kati, pafupi ndi mawu akuti "wodwala". Nkhungu yatsika kale, kukuzizira zedi.

Loweruka

Tanyamuka kutangocha, chisanu chikuluma makutu. Kutsogolo ngolo, apongozi atadzikulunga m'gombeza, maso okha ali kunja. Pambuyo amayi ndi madengu pamutu. Kenako kwaya. Ine kumapeto kwenikweni, patali mwaulemu, pamodzi ndi Jeremiya amene njira yonse akundiphunzitsa kaphikidwe ka munthu wokhala yekha. Ati nyemba uziphika zambiri kamodzi, tsiku lachitatu zikayamba kununkha uthiremo tsabola. M'midzi anthu akutuluka m'nyumba kufunsa kuti watisiya ndani.

Amake Rozita ndikuwaonera patali. Ndikuzindikira duku lokha.

Polowera m'nkhalango mfisikale watiimitsa. Munthu waulemu. Ati chiyambire ntchito sanalandirepo alendo ochuluka chonchi. Wasuzumira m'ngolo, wapempha apongozi asunthe pang'ono, wapeza nkhwangwa pansi pa mkeka. A Bonifasiyo ati ndi yotchingira gudumu potsetsereka. Iye ati aisunga bwino, tiitenga pobwerera. Malamulo: nkhuni zouma zogwa zokha, muzu pang'ono osapha mtengo, zinyalala tibwerere nazo, ngolo ithere pomwepo. Apongozi atsika, atenga ndodo, atisiya tonse m'mbuyo. Miyendo yosafika ija!

Koma malo aja, abale inu! Nkhungu yangoyera, thanthwe lili poyera, losalala, lalikulu kuposa bwalo la tchalitchi. Madzi akugwa kuchokera pamwamba, oyera mbee. Misuku ndi miombo mbali zonse, kamphepo kakununkhira masamba onyowa. Kumunsi minda ya mbatatesi ikuoneka ngati zigamba pa thalauza la mlimi. Za ku Dedza zija sizikufikako n'komwe. Ndipo mpando wa chipika ulipo, woyang'ana kuchigwa, wokwana anthu awiri ndendende.

Akhalapo apongozi ndi akatekisiti.

Mapemphero. Andigwadika pakati pa thanthwe, manja ambirimbiri pamutu panga. Mayi Filomena akudzudzula tensau, ituluke, ikagwere mu Zambezi. Maondo akuwawa, ine chamumtima ndikupempha chikhululukiro. Pofika pa pemphero la Rozita ndiye ndapemphera moona, misozi mpaka kutsika. Onse aganiza kuti matenda akutuluka, ng'oma yakwera.

Dzuwa litapendeka, chakudya. Mkamwini sadya apongozi akuona, ndiye andipezera malo kuseri kwa mwala, koyang'anizana ndi tchire. Chigwa chonse chokongola chija chili kumsana kwanga. Mbale: mbatatesi zowiritsa, zopanda mchere. Chikho: madzi a muzu wongokumbidwa kumene, owawa ngati ndulu. Kuseriko ndikumva mawu a akatekisiti: "Tambala ameneyu anali wonona."

Kenako mwayi. Amake Rozita atsikira kumtsinje ndi mbale zotsuka, okhaokha. Ndazemba, ndawatsata. Kumeneko mathithi akuphimba ng'oma ndi kwaya yomwe. Andipatsa mbale kuti ndigwire. Atsuka, atsuka, kenako aima, manja ali m'madzi, akuyang'ana mitengo.

"Malo ano ndi abwino," atero. "Munthu atha kubwera kudzangokhala."

Kudzangokhala! Anena okha, ndi pakamwa pawo, popanda manyazi alionse! Ine sabata yonse ndikuzungulira mawu amodzi omwewa ndi ng'ombe, kwaya ndi mizu. Ndati, "Amake Rozita, inetu..."

"Alamuuu!" A Bonifasiyo pamwamba pa thanthwe, akukupiza chipewa. Ng'ombe zamasuka kumunsi, zikulowera ku mbande za mitengo za afisikale. Amuna onse atsike msanga!

Ndaika mbale pansi. Masana onse otsala ndathamangitsa ng'ombe za eni ake m'minga, munthu wa tensau. Amene agwira chingwe pomaliza ndine, ndipo onse agwirizana kuti mapemphero ndi muzu zagwira ntchito.

Potsika mayi aliyense wasenza mtolo wa nkhuni zouma, poti kuphiri munthu sabwerako chimanjamanja. Wa amake Rozita ndiwo waukulu kuposa yonse, khosi mpaka kunjenjemera. Ndati ndiwalandire, ati ayi, musadzutse matenda.

Mayi Filomena ati mapemphero otere tizichita mwezi ndi mwezi.

Lamulungu

Misa yoyamba, kenako kokwerera shapa, minibasi ya ku Tete. Operekeza: a Bonifasiyo, mayi Filomena, Jeremiya, theka la kwaya. Apongozi aima patsidya pa msewu chifukwa cha ine. Matumba a mbatatesi akwera padenga. Amake Rozita apeza mpando wa pazenera.

Malangizo akutuluka pazenerapo: mchere ayi, muzu m'mawa ndi madzulo, nkhumba zisagone ndi njala, gombeza lalikulu lili m'sutukesi ya pansi pa bedi. Ine eya, eya, eya.

Shapa yadzaza. Wolipiritsa akumenya chitseko, injini yalira. Iwo atulutsa mutu pazenera, atsitsa mawu.

"Dzulo kumtsinje munati inetu. Inetu chiyani?"

Kumanja kwanga a Bonifasiyo. Kumanzere mayi Filomena. Jeremiya akupumira pakhosi panga. M'shapa monse maso ali pa ine, mpaka dalaivala wacheuka.

"Mbatatesizo," ndatero, "mukafika musaziike padzuwa."

Andiyang'ana kanthawi ndithu. Ati, "Chabwino." Shapa yanyamuka, fumbi kobo.

Palibe amene wandilakwira. Aliyense wandipatsa chimene ndinatchula ndi pakamwa panga, ndipo apereka ndi mtima wonse. Chimene ndinkafuna ndi chokhacho chimene sindinachitchule. Ndikudzimvera chisoni, komanso ndikudzikwiyira, kaya chachikulu n'chiti.

Za tsiku lobwerera sindinafunse, iwonso sananene.

Madzulo ndazungulira kuseri kwa kanyumba kophikira kukatenga nkhuni zowiritsira tiyi. Kumeneko sindipitapitako. Ndapeza mulu wosanjidwa bwinobwino, khoma lonse, kuyambira pansi mpaka kugunda denga. Mtolo wa dzulo uli pamwamba, wongomalizira. Mkazi wanga sataya mphamvu pachabe, ndipo amadziwa nkhuni zimene munthu mmodzi amatha pa mwezi. Izi si nkhuni za munthu wobwera mvula isanagwe. Izi zikafika ku chimanga chatsopano.

Ndasonkha moto waukulu, wokwana kuphikira mudzi wonse, kampoto kamodzi ka tiyi pamwamba. Jeremiya podutsa wafunsa ngati ndikuotcha njerwa. Ndati ayi, kukungozizira.

Mawa ndisonkhanso wotere, kapena zingathe msanga.